Mmene a Magadalena Adakhalira Nachulu

M'midzi ya kunsi kwa phiri la Chongoni, zaka zija nkhondo ya Jeremani isanabwere, mkazi wokwatiwa ku tchalitchi ankakhala ndi mayina atatu. Loyamba linali la makolo, lachiwiri laubatizo, ndipo lachitatu ankalilandira kwa a Magadalena. Awiri oyambawo anthu ankatha kuwaiwala, koma lachitatulo linkamutsata munthu mpaka kumanda.

A Magadalena anali mayi wamfupi, wouma thupi, mlimi wa chimanga ndi nyemba monga wina aliyense. Adabadwa anthu akuvalabe nyanda ndi zikopa, ndipo nsalu yeniyeni adaikhudza koyamba atatha kale msinkhu. Kaya n'chifukwa chake, kaya n'chibadwa chabe, nsalu adaikonda monga ena akondera mowa. Iwo eni anali nayo imodzi yokha yopitira kutchalitchi, biriwita wa mtundu wa mtambo wa mvula, ndipo ankamusunga mu mtsuko wovundikira kuopa utsi ndi mphemvu. Biriwita ameneyo sadakhalepo pansi popanda mkeka. Pa maukwati anzawo akamatimba magule, a Magadalena ankaima patali n'kumangowomba m'manja, poti fumbi ndi nsalu yawo zinali pa udani.

Masiku amenewo maukwati a ku tchalitchi sankachitika mwapatalipatali ngati lero. Wansembe wandevu zake ankabwera pa bulu anthu atakolola, n'kudalitsa mabanja onse tsiku limodzi. Kukatsala pang'ono, amayi ankakumba katondo m'mbali mwa phiri, n'kuzira kanjira kochokera pa mtengo wa mkuyu kukafika pakhomo pa tchalitchi chaudzu chija, mpaka kanjirako kufiira psuu ndi kusalala ngati m'nyumba ya mkazi waukhondo. Akwatibwi ankadutsa pamenepo mmodzimmodzi, mwapang'onopang'ono, atazyolika monga mwambo unenera, khamu lonse litandanda uku ndi uku. Chapafupi ndi khomo panali mwala wafulati. Mwalawo unali wa a Magadalena, ndipo ngakhale mbuzi zinkadziwa.

Mkwatibwi akafika pa mwalapo, a Magadalena ankayamba afwenkha fodya, n'kutsokomola kamodzi. Khamu linkati zii.

Susan, amene amalume ake adamugulira nsalu ya madonthomadontho kwa mwenye ku boma, adamva mawu kumbuyo kwake: "Nkhanga iyi yathawa msampha wa yani?" Kuyambira tsikulo adakhala Nankhanga. Mtsikana wina wonenepa bwino adadzikulunga nsalu yachikasu, mikanda ili mbwee m'khosi, ndipo a Magadalena adangofunsa ngati maungu ayambanso kuyenda okha chaka chino. Iyeyo ndiye Nadzungu, amene zidzukulu zake zilipo mpaka lero. Koma amene adalasidwa kwambiri anali Monika. Mwamuna wake adabwera nacho kuchokera kumigodi chipewa choyera chachikulu ngati lichero, ndipo Monika, kamtsikana kowonda miyendo, adachivala monyadira.

"Anthuni, mvula idatha kalekale," adatero a Magadalena, "nanga bowa uyu wamera bwanji?"

Anthu adaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Monika adalowa m'tchalitchi ali Monika, n'kutuluka ali Nabowa, ndipo chipewa chija chidathera poikira nkhuku.

Choipa cha a Magadalena chinali chakuti sankanama. Ukayang'anitsitsa, nkhanga unkaionadi, bowa unkamuonadi. Anali ndi malamulo awo a kavalidwe, ndipo ankawalalikira pamtondo ndi kuchitsime popanda wowafunsa. Nsalu izimangidwa mfundo imodzi, osati ngati mtolo wa nkhuni. Mikanda ikachuluka, ndiye kuti nkhope ili ndi mlandu. Chovala chizitsata munthu, osati munthu kutsata chovala. Akuluakulu adawachenjezapo kuti anyani sasekana zikundu, koma iwo adayankha kuti chawo adachibisa bwino. Amuna awo, a Gerevazio, amene ankaphikira mzungu ku Halale n'kumabwera kumudzi patapita zaka, akamva madandaulo ankangokanda m'mutu n'kunena kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Komatu mayi wa lilime lakuthwayu anali ndi pofewa pake. Mwa ana onse amene adabala, adatsala ndi mmodzi, Kristina, mtsikana wofatsa, wamanyazi, woti ukamuyang'ana kawiri ankayamba kukumba pansi ndi chala chakuphazi. A Magadalena ankamukonda mwanayo mochititsa mantha. Ndiye chaka china mnyamata wa tsidya la dambo, dzina lake Damiano, adatuma amalume ake, ndipo mayina awo adalengezedwa m'tchalitchi. Akazi onse a mayina atatu aja adayang'anana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Monika anali atadekha kwa zaka zambiri.

A Gerevazio adafika ndi mtolo, ndipo mu mtolomo mudatuluka delesi loyera limene dona wa bwana wawo adalitopa nalo. Linali lalitali kubisa mapazi, la mabatani mpaka m'khosi, ndi mchira wokwekwereza pansi kumbuyo. Chinthu chotere chinali chisanaonekepo kuno. A Magadalena adaligwira ndi nsonga za zala, malamulo awo onse aja n'kuuluka.

"Amayi, ine ndingovala nsalu monga anzanga," adatero Kristina madzulo ena akupala chimanga.

"Iwe! Mwana wa Magadalena avale monga anzake? Anzako ake ati?"

"Damiano akubwera chikamwini, Amayi. Ine ndikhala m'mudzi muno mpaka kukalamba. A Nabowa akandipatsa dzina, ndidzathawira nalo kuti?"

"Dzina limafuna pogwira, mwanawe. Pa delesi ili agwira pati?"

Adayankha mwamphamvu, koma mawu a mwanayo adawakhala pamtima. Iwo ankadziwa kuposa aliyense kuti dzina lotere silichapika. Ankadziwanso kuti Susan ankaseka nalo lake, koma Kristina sadali wa mtima wotero. Akanasiya kupita kuchitsime anzake ali pomwepo.

Kanjira kadaziridwa nthawi yabwino, a Magadalena ali patsogolo kulamulira, ndipo kadauma gwa. Koma m'mawa wa tsiku la ukwati, atapita kukayendera, adapeza kuti ng'ombe za mudzi wa Angoni wapafupi zidadutsa pomwepo popita kudambo. Mapazi anali paliponse, ndi zina zimene ng'ombe zimasiya. Munthu wina akanangosesa n'kuthira dothi louma. A Magadalena sakanalola mwana wawo kuyenda pa chigamba. Adatunga madzi, n'kukanda katondo yemwe adatsala, n'kuziranso njira yonse okha, mochindikala kuti pafiire bwino.

Mwana aliyense wa ku Dedza amadziwa kuti m'nyengo yachisanu suzira m'mawa n'kuyembekeza kupondapo tsiku lomwelo. A Magadalena nawonso ankadziwa. Adangoyang'ana kumwamba n'kulamula dzuwa kuti lituluke, koma dzuwa silinali mkazi wa m'mudzimo. Nkhungu idatsika m'phiri n'kukhala, ndi kamvula kake kowaza kaja.

Belu litalira, a Magadalena anali pa mkuyu kumbuyo kwa mwana wawo, biriwita ali wopanda banga, osapindika ngakhale pang'ono. Atakweza maso adaona chimene mwana wawo ankachiopa: mayi wa mkwatibwi sakhala pa mwala. Pa mwala pawo padakhala Monika, atatambalala, Nankhanga ali kudzanja lamanja, Nadzungu kumanzere.

Akwatibwi a nsalu zofika m'miyendo adadutsa bwinobwino, n'kungodetsa mapazi. Kenaka idakwana nthawi ya Kristina. Atangotulukira, khamu lidati "Aaa!" chifukwa analidi wokongola, ndipo mtima wa a Magadalena udafufuma. Koma delesi la ku Halale linali ndi ludzu. Mpendero wake udayamba kumwa katondo, kufiira kuja n'kumakwera pang'onopang'ono. Mchira udasonkhanitsa matope, n'kulemera, n'kumakokera mwanayo kumbuyo, ukusiya mzere ngati pamene padutsa mlimi ndi mtolo wa nsungwi. Pofika pakati pa njira, unkaoneka ngati mchira wa ng'ombe yogona m'khola la dzinja. A Magadalena adaliona dzina likubwera. Adalidziwa ndithu, chifukwa akadakhala pa mwala akadalinena iwowo.

Kristina adaima. Monika adatulutsa kabotolo ka fodya, n'kufwenkha, n'kutsokomola kamodzi. Khamu lidati zii.

Kuno kwathu mayi akakondwa kwambiri pa ukwati wa mwana wake amaloledwa kupenga. Amadzigwetsa pansi, amagubuduzika, amadzola matope kapena ufa, ndipo palibe womuletsa. Amayi onse ankachita zimenezi, kupatula mmodzi. Ndiye taganizirani mmene anthu adadzidzimukira atamva nthungululu yoboola makutu, n'kuona a Magadalena akuthamanga kupitirira mwana wawo, n'kudziponya chafufumimba pakati pa katondo, pamaso penipeni pa mwala. Adagubuduzika kupita uku, n'kubwerera uku, miyendo m'mwamba, akuimba nthungululu. Adatapa matope ndi manja awiri n'kudzipaka kumutu, kumaso, m'khosi. Biriwita uja, amene sadakhalepo pansi popanda mkeka, adamukhuta katondo tsiku limenelo.

"Mwana wanga wakwatiwa! Ndione ine lero! Mwana wanga wakwatiwa!"

Atadzuka n'kugwada, sankaoneka ngati munthu. Anali mulu wofiira wosongoka, maso awiri okha akuphethira, ndipo masowo adalunjika kwa Monika.

Monika sanali chitsiru. Adayang'ana mtsikana woima pakati pa njira uja, n'kuyang'ananso mulu wogwada patsogolo pake. Dzina la mtsikanayo linali kale pa lilime, lakupsa bwino. Koma patsogolo pake panali nyama yonona imene adaisaka kwa zaka zambiri, itadzibweretsa yokha. Ena amati adachita chifundo, ena amati adangosankha chachikulu. Ine ndimati zonse ziwiri.

"Anthuni," adatero Monika mokweza, "uzani abambo wansembe abwere ndi khasu. Chulu chamera pakhomo pa tchalitchi!"

Phokoso lake lidamveka mpaka tsidya la dambo. "Nachulu! Nachulu!" Nankhanga adagwa pa mwala ndi phwete, Nadzungu akulira misozi, a Gerevazio atabisa nkhope m'chipewa. Amayi ena adalowerera n'kuyamba kuvina mozungulira chulu chija, ndipo chulucho chidavina nawo, kuvina koipa kwa munthu amene sadaphunzirepo. Mkati mwa chipwirikiti chimenecho Damiano adanyamula mchira wa delesi n'kuupinda pamkono, ndipo Kristina adalowa m'tchalitchi popanda womuyang'ana. Pofika madzulo, ukafunsa chimene mkwatibwi adavala, anthu ankati, "Choyera china chake. Koma mudawaona a Nachulu?"

Biriwita sadabwererenso mwakale. Adamuchapa kumtsinje, adamuviika m'madzi a phulusa, koma adakhala wa mtundu wosadziwika, ndipo a Magadalena adamuvalabe choncho, mfundo imodzi monga mwa lamulo. Musaganize kuti lilime lidafota. Chaka chotsatira adabwerera pa mwala, n'kupeza Monika alipo kale, ndipo atayang'anizana kwa kanthawi Monika adasendera. Kuyambira pamenepo ankakhala awiri, akubwerekana fodya ndi kutsutsana za nsalu za eni. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano mkwatibwi akapatsidwa dzina ankatha kutembenuka n'kugwada mwaulemu, n'kunena kuti, "Zikomo, a Nachulu," khamu n'kusekanso kawiri.

Dzinalo lidawakhala mpaka ana obadwa nkhondo itatha ankayesa kuti ndi laubatizo. Kristina adabereka, adalima, adapita kuchitsime nthawi imene wafuna, ndipo adakalamba m'mudzi momwemo ali ndi mayina awiri okha.

Tsiku lina a Magadalena atakalamba, akuwothera dzuwa pakhonde, Kristina akuwapesa imvi, adawafunsa zimene adazisunga mumtima nthawi yonseyi.

"Amayi, kodi dzina lija silikuwawani?"

"Limawawa, mwanawe. Ukuyesa ine ndine mwala?"

"Nanga mudachitiranji?"

A Magadalena adafwenkha fodya, n'kutsokomola kamodzi.

"Linkabwera kwa iwe," adatero. "Ine ndidangolichingamira panjira."