Ng'ombe ya Emelia Itasiya Kubzikula

Inu amene mukugwira chinthu chimodzi chokha chotsala m'manja, imvani za Emelia wa kufupi ndi Mkaika.

M'chilimwe cha 1923, ng'ombe yake inagona pansi m'khola, maso ali mbee. Inali imodzi yokhayo, yaikazi, ndipo inali ndi bere. Mwamuna wake Evaristo anaisiya m'manja mwake popita ku Halale kukagwira ntchito. Panapita zaka zinayi, kalata osabwera. Emelia akamusowa, ankapita kukhola kukaisisita pakhosi.

Anzake akamatentha minda kuti asake mbewa, iye ankatuta mapesi ndi masamba ouma a mtedza n'kusanja pa nsanja. Akazi kumtondo ankamuseka.

"A Emelia, mapesiwo mudyera nawo nsima kapena?"

Udzu utatha kudambo, ng'ombe yake inali ndi chakudya.

Koma tsiku lina anaimvera chisoni poiona ikulimbana ndi mapesi olimba. Anaithirira gaga wodzadza lichero katatu, nayo inamaliza yense. M'mawa mwake mimba inatupa, ng'ombe inasiya kubzikula. Masiku awiri sinakhudze kanthu.

Anthu anayamba kunola mipeni. "Iphani isanafe yokha, tidyeko nyama."

Mudzi wonse, wodziwa ng'ombe anali Jonas, mkulu wake wa Evaristo. Iye ndi Emelia sankalankhulana, chifukwa Jonas ankanena poyera kuti mng'ono wake anathawa mkazi wouma mutu. Jonas ankakhala kumapeto kwa mudzi, koma Emelia anayenda mtunda wonsewo, nakagwada pakhomo pake.

"Alamu, ng'ombe ya mng'ono wanu ikufa."

"Mwaidyetsa chiyani?"

"Gaga."

"Wochuluka bwanji?"

Atamuuza, Jonas anagwira pakamwa. "Mayi inu! Ng'ombe si mlendo woti muzimukakamiza mbale. Mwaizimitsira moto wa m'mimba."

Analowa m'khola lake, nadikira ng'ombe yathanzi ibweze chakudya kukamwa. Anaigwira mphuno, nalowetsa dzanja, natulutsa chobzikula chofunda, chonunkha. Anachikulunga m'tsamba la nthochi.

"Thamangani chisanazizire. Musungunule m'madzi ofunda, muimwetse. Gaga ayi. Mapesi anu aja basi, oduladula ting'onoting'ono. Mawa mubwerenso."

Jonas sankadziwa zimene mabuku amanena lero, kuti m'chifu cha ng'ombe mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timagaya mapesi olimba n'kuwasandutsa mphamvu. Gaga akachuluka mwadzidzidzi, m'chifu mumawawasa, tizilomboto timafa. Chobzikula cha ng'ombe ina chimabwezeramo tamoyo.

Emelia anathamanga ulendo umenewo masiku anayi, mapazi akupsa ndi mchenga. Tsiku lachisanu, akudula mapesi pafupi ndi khola, anamva kaphokoso. Anatembenuka. Nsagwada za ng'ombe zinali kuyenda pang'onopang'ono, uku ndi uku. Anakhala pansi pomwepo, chikwanje chili m'manja, nalira.

Mvula itagwa, ng'ombeyo inabereka thole lalikazi. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, m'khola munali ng'ombe zisanu, ndipo amene ankamuseka aja anayamba kudzapempha mapesi. Evaristo sanabwerere. Emelia sanaleke kuyang'ana njira ya kumwera, koma ana ake anakula akumwa mkaka.

Inunso mwina mwawononga ndi manja anu chimene munkachikonda koposa. Musanole mpeni msanga. Dzukani, mukagogode ngakhale pakhomo limene mumaliopa. Mtima usagwe, abale, chikadali kupuma.