Kapu ya chidulo

Poyeza madzi a m'dziwe langa la nsomba ku Nsaru, ndinatungira m'kapu imene mayi a kunyumba amasungiramo chidulo cha therere. Kapepala koyezera asidi kanachita buluu, kusonyeza kuti madzi aipa. Ine katswiri wowerenga kabuku kamodzi ndinagamula pomwepo kuti ndi fetereza wa pa nazale ya fodya ya a Gama, aneba anga a kumtunda. Ndinawakalipira. Iwo anazula mbande n'kukaziwokera kutali, zambiri n'kufa.

Ndinazindikira kuti chinasintha kapepala kaja ndi chidulo chotsalira nditaona mayi akufunafuna kapu yawo, komabe ndinakhala chete sabata yathunthu. Nditapita kukapepesa, a Gama anangoti, "Achimwene, ndiye fodya wanga wafera therere la alamu, eti? Mwina munandisungirako?"