Matewera a tsiku limodzi

Katoni ya nsapato ija ndimaikumbukabe mpaka fungo lake: guluu, sopo wotchipa, ndi mphira wa nsapato za amalume zomwe zinabweramo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala mu fulati ku Barking, m'dziko la azungu, ndipo chaka chimenecho mpingo wathu unagwidwa ndi chifundo chachikulu pa ana a ku Romania. Chifundocho chinayamba mu Okutobala ndipo chinayenera kutha Disembala asanafike pakati, chifukwa lole yonyamula makatoni sinkadikira munthu.

Aphunzitsi a Sande sukulu anatigawira kapepala kokhala ndi chithunzi cha mwana wometedwa mpala, atagwira zitsulo za bedi. Anati ana amenewa makolo awo anawataya. Mawu akuti "anawataya" ankawatafuna pang'onopang'ono ngati switi. Ife tinkalongedza mswachi, masokosi ndi kagalimoto, n'kukuta katoniyo ndi pepala lonyezimira. Panalinso mpikisano wa katoni yokongola. Ndinapambana ndine, ndipo ndinene poyera kuti imeneyo ndiyo mphotho yomaliza imene maphunziro anandipatsa. Ku koleji ndinachokako chaka chachiwiri, manja ali m'thumba.

Pansi pa fulati yathu, m'chipinda chimodzi, munkakhala mayi wina wa ku Romania komweko. Ankakolopa m'chipatala cha ku Romford kumene amayi anga, namwino, ankagwira shifiti ya usiku. Anali ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri. Bambo wa mwanayo anapita kukamanga nyumba kwina kumpoto, foni yake n'kusiya kuyankha. Kuntchito anamuuza mayiyo kuti abwerere Lolemba kapena asabwerenso. Womusiyira mwana analibe. Ntchito ikatha chipinda chipita, ndipo chipinda chikapita, mwana amutenga a boma.

Loweruka amayi anamutengera mayiyo ndi mwana wake ku msonkhano wa chigwirizano. Holo inkanunkhira mandasi ndi selotepi, makatoni ali mulu mpaka pawindo. Amayi a tcheya anamvetsera nkhani yonse khosi atalipendeketsa mwachisoni, kenako anati, "Pepani, pulogalamu yathuyi ndi ya ana a ku Romania."

Amayi anga anati mwana wa ku Romania ndi ameneyu, ali pamiyendo apa.

"Ayi, anzanga, a kumeneko. Akunowa ali ndi khonsolo yowathandiza."

Anamupempherera mokweza, anamukulungira mandasi awiri mu tishu. Ndiye wina anakumbukira kuti mayiyu amadziwa chilankhulo cha kwawo, anamupatsa bolopeni kuti alembe mawu a madalitso pa makadi oika m'makatoni. Analemba makadi onse, dzanja lina akugwedeza mwana. Ndikakumbukira zimenezi lero ndimachita manyazi. Koma tsikulo ndinakankha anzanga kuti khadi langa lilembedwe loyamba.

Lolemba m'mawa anagogoda kwathu. Amayi anali atangofika kumene, nsapato za kuntchito zikadali kumapazi, maso ali psuu. Mayi uja analowa ndi mwana ndi chikwama chachikulu cha mizeremizere chija chogula pamsika. Amayi anachiyang'ana chikwamacho nthawi yaitali, kenako anachikhuthulira patebulo. Munali zovala zonse, bulangete, kabuku kofiira ka kusikelo, kamtanda ka mtengo, ndi jekete yaikulu yoti mwanayo akanalowamo kawiri. Amayi anapatula matewera anayi, tizovala tiwiri ndi botolo limodzi. Zina zonse anabwezeramo, anatseka zipi, n'kumupachika mwini wake paphewa.

"Izi ndi za lero," anatero ndi Chingerezi chawo cha ku wodi chija, chimene odwala samatsutsana nacho. "Sikisi koloko ndikunyamuka. Ubwere udzatenge mwana wako."

Nyengo yozizira yonseyo inayenda choncho. Amayi amene ankayenera kugona masana ankabereka kamzungu kumbuyo ndi chitenje, n'kumawodzera chiimire, mutu utatsamira filiji. Ndikaweruka kusukulu nyumba yonse inkanunkha mkaka wosasa, tizovala titayanikidwa pa hita. Ndinkamuda mwanayo ndi mtima wanga wonse wachikhristu. Tsiku lina anakwawira pa katoni yanga yopambana ija, anatafuna ngodya, n'kusanziramo. Ndinalira kuti wawononga mphatso ya ana a ku Romania. Amalume, osachotsa maso pa mpira, anati, "Mphwanga, yako ndiye yokhayo yafika kwa mwini wake osakwera lole."

M'mawa uliwonse mayi uja ankayesa kuwonjezera kenakake m'thumba, amayi n'kubweza. Tsiku lina anafika seveni itadutsa, maso atatupa, ndipo amayi anamukalipira pa masitepe mpaka zitseko za anthu zinatseguka. Atatha kukalipa anamupakulira mpunga, iwo n'kuthamangira basi osadya. Pofika Febuluwale, namwino mnzawo wa ku Zambia anali atatenga Lachinayi ndi Lachisanu kuti azilera mwanayo. Mwanayo sanapite kulikonse. Pano ndi chimnyamata chachitali kundiposa, ndipo akakumana ndi amayi pa siteshoni amawalanda zikwama, n'kuwapatsa moni wa "muli bwanji" wopindika ngati supuni.

Makatoni anapita. Zithunzi zake zinamatidwa mu holo, amayi a tcheya ali pakati.

Nyengo imeneyo ndinakaneneza amayi kwa aphunzitsi a Sande sukulu. Ndinati ndi ouma mtima: munthu wovutika wabwera ndi chikwama, iwo akukana kumusungira ngakhale bulangete, akuwerenga matewera ngati a m'sitolo. Aphunzitsi anapukusa mutu, anati tiwapempherere, ndipo ndinatsinzina kwambiri. Ndinali ndisanadziwe kuti munthu wopita kukakolopa maola asanu ndi atatu salongedza kabuku ka kusikelo, kamtanda, ndi jekete ya mwana wa zaka ziwiri.