Tsiku limene ndinawomba m'manja ku Wadeville

Anzanga, nkhaniyi sindinaimve kwa munthu ayi, inandigwera ndekha, ndipo chipsera chili pachipumi pangachi ndiye mboni yanga.

Ndinafika ku Joni ndili mnyamata wongomaliza sitandade 8 kusukulu ya kumudzi, wamanyazi, wozolowera kusunga pakamwa poti kwathu tinakula tikunong'ona. Ndinapeza ganyu yonyamula katundu pafakitale ina ku Wadeville, chisankho chawo chachikulu chija chothetsa ulamuliro wa azungu chitangodutsa, ndipo aliyense ankati tsopano munthu ali ndi ufulu wonena zakukhosi. Ine mopusa ndinakhulupirira kuti ufuluwo ndi wanganso.

Tsiku lina masana tili pamzere wodikira minibasi, bambo wina atamva Chizulu changa chothyokathyoka anayamba kundinena kuti ndine kwerekwere, dzina lawo lonyozera alendo, galu wodzalanda chakudya cha ana awo. Anthu anaseka. Kaya chinandilowa n'chiyani? Ndinayankha mofatsa, ndi ulemu wonse, kuti agogo anga anafera m'migodi yawo yomweyi, ndiye ngati ndili galu, ndine galu amene anawakumbira golide.

Kuseka kunathera pomwepo. Nditaona kuti nkhope zasintha ndinachita zimene mayi anandiphunzitsa ukalakwira wamkulu: ndinagwada, maso pansi, n'kuyamba kuwomba m'manja kupepesa. Ndikanadziwa bwanji kuti iwo aona ngati ndikuwachita chipongwe? Botolo linanditera pachipumi, wina n'kukuwa kuti abweretse tayala andiveke m'khosi n'kundiotcha, ndipo ndinalimva ndi makutu angawa likugubuduzika pamsewu. Ndinaitana mayi anga, ndinaitana Mulungu, mkodzo uli chuchuchu.

Amene anandipulumutsa ndi mkulu wina, mtchona wakalekale wogulitsa malalanje pomwepo. Anandigwira khutu n'kuwauza m'chilankhulo cha kumigodi kuti mwanayu ndi wamisala, amawombera m'manja ngakhale mbuzi. Kenaka anandinong'oneza m'Chichewa kuti ndisasiye kuwomba, ndipo ndiziseka. Ndinawomba, ndinaseka, magazi akulowa m'maso, mpaka anthu anatopa nane n'kubalalika.

Apolisi atafika ndinayesa kudandaula. Anati masiku ano kutukwana si mlandu, aliyense ali ndi pakamwa pake, ndipo wonditukwana uja anamusiya akukwera minibasi. Za botolo sanafunse n'komwe. Amene anafunsidwa mapepala ndi ine.

Mpaka lero ndimakhulupirira kuti lamulo lija la ufulu wolankhula linali labwino, kungoti ine silinkandidziwa. Inu amene mukupita ku Joni, musanayankhe chipongwe yambani mwaona amene akuzungulirani. Ine ndinanena zoona kamodzi kokha, ndipo kuti ndikhale ndi moyo ndinachita kusanduka wamisala.