Kiyi wa Malume ndi Sefa ya Ufa ku Maramba

Tinanyamuka ku Nottie Broadie, mumzinda wa Livingstone ku Zambia, dzuwa litangotuluka, ine ndi malume anga a Chisale, pa galimoto yawo yakale yomwe zaka zake zimalingana ndi zanga. Ndinachoka ku Lilongwe kudzavina ukwati wa mwana wawo Esinati, ndipo tsikulo ankatidikira ku Mukuni, kwawo kwa mkwati, kuti tikamalize zokambirana. Koma tisanakafike kumeneko panali nkhani ya kiyi.

Sabata yam'mbuyo, anti, akazi awo a malume, anaperekeza alendo kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, nyani n'kuwalanda chikwama. Munali masikono, chitenje ndi kiyi wa sipeya. Anti ankati wina akachitola adzaba galimoto. Malume ankati nyani alibe laisensi. Koma kiyi wotsalayo anali wong'aluka mutu, womangidwa ndi tepi yakuda, ndipo m'mawawo galimoto inalira titachita kuinyengerera. Galimoto yomweyo ndiyo inkayenera kudzanyamula mkwatibwi.

Malume anabadwira ku Livingstone konko. Bambo awo anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji, osabwereranso. Choncho Chichewa cha malume n'chosakaniza ngati ndiwo za pa ukwati.

"Tadala, iyi ni nchito ing'ono chabe," anandiuza. "Tijubisa kiyi mu tauni, manje manje tili ku Mukuni."

Mumsewu wa Mosi-oa-Tunya masitolo anali akungotsegulidwa. Pakhonde la sitolo ina tinapeza bambo wina ali ndi kamakina kodulira makiyi. Anatidulira wina pa makwacha makumi atatu, a ku Zambia, musawayese athu aja. Kiyiyo anatsegula chitseko bwinobwino. Koma kuti alize injini, galimoto inangokhosomola, kagetsi kofiira kakuphethira patsogolo pa chiwongolero.

Dalaivala wina wa takisi, yemwe ankationerera akudya chinangwa chootcha, anasendera pawindo.

"Ba mudala, motoka iyi ifuna chipu. Mu mutu wa kiyi muli kanthu kang'ono kamene kakamba na kompyuta ya motoka. Ngati kalibe, olo mupemphele, siingalile. Yendani ku Maramba, mukafunse ba Mubita."

Tinafika kumsika wa Maramba dzuwa litayamba kuluma. Tinadutsa pakati pa mawilibala, matumba a makala ndi milu ya kapenta, malume akuliza hutala yomwe palibe ankaimvera. A Mubita tinawapeza pansi pa kashedi ka malata, munthu wamkulu thupi, wolankhula ngati sakufuna kudzutsa mwana. Atamva nkhani ya nyani anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anakhuthula pansi chitini chodzaza makiyi a magalimoto omwe anafa kalekale.

"Chipu yanyowani ni ku Lusaka," anatero. "Koma motoka zakudala izi zilibe nkhanza. Titenga chipu yakale ya mtundu wake, tiphunzisa motoka kuti iyizibe."

Anasankha kiyi mmodzi, kumutsegula mutu, n'kulumikizamo chitsulo chija tinadulitsa m'tauni. Malume anandiyang'ana monyada, ngati zonsezi anazikonzeratu.

Kuphunzitsa galimotoko kumafuna kiyi wake weniweni, poti ndi yekhayo amene kompyuta imamumvera. A Mubita anakhala pampando, chitseko chili chotsegula, n'kuyamba kumulowetsa ndi kumutulutsa mofulumira. Apo ndi pomwe tepi ija inagonja. Mutu wa kiyi unatseguka ngati khoko la mtedza, kanthu kena n'kudumphira kunja, mumchenga.

"Osasuntha!" anakuwa a Mubita, mawu aja atasintha. "Aliyense ayimilile pamene ali!"

Ndinaima mwendo umodzi uli m'mwamba. Anatifotokozera kuti kachipuko kakasowa, ndiye kuti ayenera kumasula bokosi la kompyuta n'kulitumiza ku Lusaka, ndipo likamadzabwera ukwati utatha kale. Malume anavula chipewa. Esinati ndi mwana wawo mmodzi yekha, ndipo anamulonjeza adakali kusukulu kuti adzamutengera okha ku tchalitchi.

Tinagwada tonse n'kumapapasa. Mchenga wa ku Livingstone ndi wosalala ngati ufa, chinthu chikagwamo umachimeza. Anthu anayamba kusonkhana, aliyense akuloza pake. Wina anabweretsa maginito, koma anangotola misomali.

Pafupi pomwepo panali mayi wina wogulitsa vitumbuwa, zomwe kwathu timati mandasi. Ankamutchula kuti amake Chipo. Anationerera kwa kanthawi, kenako anapukusa mutu.

"Amuna imwe, awe shuwa. Chokaniponi."

Anabwera ndi sefa yake ya ufa, kuyala thumba pansi, n'kuyamba kusefa mchenga wa pansi pa chitseko. Munatuluka zotsekera mabotolo, dzino la chipeso, kandalama kakale. Thukuta linkatsika malume mpaka m'khosi. Kenako mayiyo anaima, n'kutola kanthu kakuda konga njere ya mpunga.

"Ndiye aka? Kamene kakuliritsani madoda onse aba?"

A Mubita anakalandira ndi manja awiri ngati mgonero. Ulendo uno anakamata ndi guluu kaye. Kenako mwambo unayambiranso: kiyi kulowa, kutuluka, chitseko kutseguka, kutsekeka, ngati munthu wosatsimikiza ngati akupita kapena ayi. Analowetsa kiyi watsopano uja n'kupinda manja. Kagetsi kanaphethira, kanaphethira, kenako zii. Atapotokola, injini inalira kamodzin'kamodzi, ogulitsa makala mpaka kuomba m'manja.

"Na kiyi uja wa nyani namufuta mu kompyuta," anatero a Mubita. "Mukauze ba mayo ku nyumba agone."

Anatilipiritsa makwacha mazana atatu. Malume, omwe amanenerera ngakhale mtengo wa machesi, analipira osatsegula pakamwa, n'kugulanso beseni lonse la vitumbuwa la amake Chipo.

Tinatuluka m'tauni masana, kulunjika kumathithi, nkhungu yake ikuoneka patali ngati utsi wa tchire, kenako tinakhotera njira ya ku Mukuni. Tinapeza abale a mkwati atakhala pamthunzi, atatopa kuyang'ana kumsewu. Malume anatsika n'kuyamba kupereka moni, koma injini anaisiya ikulira. Ankaopa kuizimitsa. Mkulu wina, malume ake a mkwati, anayang'ana galimotoyo kenako ife.

"Kodi mwabwela, olo mupitilila?"

Malume anabwerera mwamanyazi kukazimitsa. Tinamwa chibwantu, chomwe chimafanana ndi thobwa lathu, iwonso anadya vitumbuwa vya ku Maramba, ndipo nkhani zonse zinatha mwamtendere. Potsanzika malume anandipatsa kiyi watsopano uja.

"Yesa iwe. Ine mtima wanga wasebenza maningi lelo."

Inalira osavuta. Ndinayendetsa ndine pobwerera, malume akusinza pambali. Chomwe ndinatolapo pa ulendowu n'chakuti kiyi wachiwiri amadulitsidwa woyamba adakali moyo. Njira yonse ndinkangoganiza za nyumba yanga ku Kawale, yomwe ili ndi kiyi mmodzi yekha, ndipo sindinkakumbuka bwino ngati ali m'chikwama kapena ndinamusiya paloko.