Wayesapo Ndani?

Bambo anga sakhulupirira malangizo opanda mwini. Ndinazidziwa bwino chaka chimene mbozi zinalowa m'chimanga chawo, ine nditangoyamba ntchito pa ofesi ya kalabu ya alimi ku Chisepo.

Mu ofesimo munali kompyuta imodzi yoyendera sola. Ndinaikamo pulogalamu yofufuzira, ya mtundu waulere uja umene anthu a m'maiko osiyanasiyana amalemba mothandizana, ndipo aliyense amaloledwa kuitsegula n'kuwonjezeramo zake. Ndinalowetsamo timabuku tonse ta ulimi timene chiswe chinkadya m'kabati. Ukalemba "mbozi", mayankho ankatuluka usanaphethire. Kunena zoona, ndinkadzimva.

Bambo anabwera pa njinga atanyamula phesi la masamba obookabooka. Ndinawawerengera yankho loyamba, lakuti athire dothi pansonga ya chimanga, pamene pabisala mbozi. Anamvetsera mpaka kumapeto monga amachitira kutchalitchi.

"Wayesapo ndani?" anafunsa.

"Alemba ndi akatswiri, bambo."

"Sindikufunsa wolemba. Munda wake uli kuti?"

Ndinayang'ananso m'kompyuta, koma za munda munalibemo. Anathokoza mwaulemu n'kukwera njinga yawo. Chaka chimenecho nkhokwe yathu sinafike ndi pakati pomwe, ndipo zinandiwawa kwambiri. Ndinawakwiyira, chifukwa yankho linali loona, iwo n'kulisiya patebulo.

Koma sanali okha. Alimi ambiri ankandithokoza mokoma, akatuluka n'kukafunsa mnansi. Kwathu kuno nzeru imayenda ndi nkhope ya munthu.

Pulogalamu ija imalola kulumikizako timapulogalamu ting'onoting'ono timene a makompyuta amati mapulagini. Ndinalemba yanga. Pa malangizo alionse inkasunga mlimi amene anayesapo, mudzi wake, ndi zimene anaona, ngakhale zitakanika. Munthu akafufuza, inkakweza pamwamba malangizo oyesedwa pafupi ndi kwawo, pa nthaka yofanana ndi yake, ya m'phiri kapena ya kudambo. Poyamba inkangogwetsa pulogalamu yonse, ine n'kumaikalipira ngati mbuzi yolowa m'dimba. Munthu wina pa intaneti, amene sindinamuonepo nkhope, anawerenga zimene ndinalemba n'kundilozera pamene panasokonekera. Komabe kulembako kunali kopepuka poyerekeza ndi kunyengerera alimi kuti alole kutchulidwa. Ankati ndikufuna kuwaseketsa kwa anthu. Ndinawatsata m'minda ndi m'misonkhano ya kalabu mpaka ena anavomera, mwina pofuna kuti ndiwasiye.

Mvula yotsatira mbozi zinabweranso. Bambo sankafuna n'komwe kuponda ku ofesi. Amayi ndiwo anawakankha, amvekere sadzagulanso ufa wa m'sitolo ali ndi munda. Atafika, ndinalemba "mbozi". Yankho linatuluka lomwe lija, koma pansi pake panali mayi wina wa kuseri kwa phiri amene anathira dothi m'munda wake wonse.

"Mkazi wa malemu wosoka nsapato uja?"

"Omwewo, bambo."

"Amene aja salima zamasewera."

Anapita tsiku lomwelo kukaona ndi maso. M'mawa mwake banja lonse tinali m'mizere, aliyense ndi beseni la dothi, bambo akutilangiza ngati nzeruyo anabadwa nayo. Sindinawatsutse. Mbozi zinadyako ndithu, koma chimanga chambiri chinapulumuka.

Titakolola anabwera ku ofesi popanda wowatuma. Anakhala pa benchi, chipewa chili pabondo, akuyang'ana kompyuta ngati mlendo amene sakudziwa pomuyambira.

"Ulembe kuti nanenso ndinayesa," anatero. "Ulembenso kuti dothi likhale louma, ndipo athire mbozi zikadali zazing'ono. Wofuna kuona abwere, munda uli m'mbali mwa msewu."

Ndinalemba dzina lawo. Iwo anawerama kuti aone ngati ndatchula bwino mudzi.