Jezi ya a Eneya Sinakwere Pakhoma

Ku Springburn, dera la mumzinda wa Glasgow, aliyense amene anasewerapo besibo amalidziwa dzanja la a Eneya. Ena analiona ndi maso, ena analimva m'nthiti.

Besibo ndi raundasi yomwe ija tinkasewera ku pulayimale, kungoti mpira wake ndi wolimba ngati mwala, ndipo womenya amagwira chibonga chathabwa. Ku Glasgow amasewera ndi anthu ochepa amakani, pabwalo lamatope, mvula ikuwapuntha cham'mbali. A Eneya anafika mumzindawu kuchokera ku Balaka akazi awo, a Fanny, atapeza ntchito ya unamwino. A Eneyawo analowa ya keya, kusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba. Loweruka lina akudutsa pabwalo, mpira unagubuduzika mpaka pamapazi awo. Anautola n'kuubweza. Amene anauwakha anavula gulovu n'kuyamba kuuzira chikhatho chake. Posakhalitsa a Eneya anali atavala jezi ya Springburn Boilers, timu imene Amalawife tinkangoti Maboila.

Ntchito ya woponya ndi kuponya mpira kuti womenya auphonye. A Eneya anali ndi njira yawoyawo. Womenya akawayandikira kwambiri, kapena akawaseka, mpira wotsatira unkalunjika pathupi. Ankati dzanja lawo linaphunzira pa anyani a m'munda mwa bambo awo. Anathyola nthiti, zala, ndi bondo la mphunzitsi wina wa ku Edinburgh. Akagenda munthu ankavula kapu n'kuwerama pang'ono ngati akulandira alendo pakhomo la tchalitchi, kenako n'kupempha mpira wina. Maboila, amene kale ankangokwapulidwa, anayamba kubwera ndi zikho.

Amene anavulala koposa anali wa timu yawo yomwe. Thomson, mzungu wamtali woyendetsa lole, ndiye ankamenya mpira kuposa onse. Tsiku lina pokonzekera masewera anauza a Eneya kuti akuponya ngati gogo. Mpira unamupeza pachibwano, pansi pa chisoti. Mano anagwera m'matope, ndipo Thomson anatha chilimwe chonse akuyamwa supu ndi kapaipi, nsagwada atazimanga ndi waya. A Eneya anati mpira unangoterera. Palibe anakhulupirira, ngakhale a Fanny.

Kuntchito anali munthu wina. Nkhalamba zolusa, zija zolavulira anthu malovu, zinkakhala phee a Eneya akamazimeta ndevu.

Phewa litatha, anasiya kusewera. Chinatsala ndi khoma. Kalabu ili ndi chipinda pamwamba pa bala ina, ndipo pakhoma pake amapachika majezi a osewera opuma amene mamembala awasankha. Jezi ikakwera, nambala yake savalanso munthu. Pachaka amasankha mmodzi yekha, ndipo dzina likagwa kangapo amalichotseratu. Chaka chimenechi chinali chomaliza kwa a Eneya, ndipo wolimbana nawo anali Thomson. A Eneya pakamwa sankanenapo kanthu, koma jezi yawo anali ataichapa kale, kuisita, n'kuigulira felemu yagalasi imene ankaibisa kuseri kwa wadilopu.

Kale ankavota eni ake kulibe. Ulendo uno Keith, wapampando wa kalabu, munthu wobadwira ku Springburn komweko, anabweretsa lamulo latsopano: aliyense aime, adzinenere yekha.

Msonkhano unali Lamulungu masana. A Eneya anabwera molunjika kuchokera kutchalitchi, ali m'suti, limodzi ndi mnzawo a Zangaphee, amene anawakha mipira yawo zaka zonsezo mpaka zala zinapindika ngati chinangwa. Mkangano unali utayamba kale pamasitepe.

"Popanda iyeyu, chikho tikanamachionera m'manja mwa eni ake," anatero wina, akuloza a Eneya.

"Khoma ndi la osewera, si la zigawenga," anayankha Thomson. "Mukapachika jezi yake mupachikenso mano anga pambali."

"Mano ako anali owola kale, iwe Thomson," anatero a Zangaphee. "Anakuthandiza ulere. Uwathokoze madala."

Anthu anaseka, ngakhale azungu, ndipo zinkaoneka kuti manja ambiri akwera kwa a Eneya. Thomson anaima n'kuyamba kudzigulitsa. Anatchula mipira imene anaitulutsa kunja kwa mpanda, masewera amene anasewera ali ndi chimfine, mvula imene inamunyowetsa. Ankadzimenya pachifuwa. A Eneya anayang'ana pansi, akumuchitira manyazi.

"Eneya, nthawi ndi yako," anatero Keith. "Khomali ukuliyenera kapena ayi?"

A Eneya anaima, n'kumanga batani la jekete, manja kumbuyo.

"Zikomo apampando. Ine ndine ndani? Ndinabwera ngati mlendo, munandilandira. Alipo anzanga oyenera kuposa ine. Ineyo ayi, musavutike nane."

Mmalawi aliyense m'chipindamo anamva bwinobwino. Kwathu munthu wolemekezeka sathamangira mpando. Amakana, anthu amamuumiriza, amakananso, mpaka wina amamugwira mkono n'kumukokera kutsogolo iye akupukusa mutu. Umo ndi momwe a Eneya anakhalira mkulu wa mpingo. Ndi gule wotopetsa, wotayitsa nthawi, koma amavinika pokhapokha onse akudziwa ng'oma yake. Keith sankaidziwa. Kwawo ayi ndi ayi.

"Wayankhula ngati mwamuna," anatero Keith, maso atanyowa. "Dzina lachoka. Thomson wadutsa."

Azungu anawomba m'manja ndi mtima wonse. Ankaganiza kuti a Eneya akupepesa za chibwano chija.

"Iyayi, apampando!" anakuwa a Zangaphee. "Afunseninso!"

"Ndimufunsenso chiyani? Tonse tamva."

"Simunamve! Munthu samuvomereza msanga choncho! Achimwene, tanenani!"

A Eneya anangoima pomwepo, manja kumbuyo, kudikira munthu wodzawakoka mkono. Mawu amodzi akanakwanira, koma mawuwo sakanatuluka pakamwa pawo anthu akuona.

Amene anabwera anali Thomson. Anawasisita tsaya ngati mwana.

"Zakutengera zaka, koma malo ako wawadziwa," anatero. Analowetsa zala mkamwa, n'kutulutsa mano ake oikirira, n'kuwagwetsera mu tambula ya a Eneya ya zoziziritsa kukhosi. "Chikho chako ndi chimenecho."

A Zangaphee anamukankha. Thomson anawagwira makolala n'kuwadinda ndi chipumi pamphuno, monga amachitira ana a mumzindawu. Magazi anatsika pamalaya oyera akutchalitchi. Mpando unauluka. Wina anaswa botolo patebulo, wina anagwera pamasitepe akutukwana, ndipo anthu amene anasewera limodzi zaka zambiri anayamba kupondana m'mimba. Thomson anali atawagwetsa a Zangaphee n'kumawaponda nthiti ndi jombo.

A Eneya sanalowe m'gulumo. Nkhonya sankazidziwa. Anabwerera cham'mbuyo mpaka patebulo la masewera a pulu, la timipira tolimba ngati miyala, n'kuvula jekete, n'kutola mpira umodzi. Phewa lija madokotala anati linatha linazungulira bwinobwino. Mpira unamupeza Thomson pansi pa diso, phokoso lake ngati nkhuni youma ikuthyoka, ndipo anagwa osatambasula ndi manja omwe. Wachiwiri unathyola mkono wa Keith, amene anangoukweza kuti aleretse. Wachitatu unaphonya onse n'kukaswa galasi la jezi ina pakhoma. Zidutswa zitasiya kugwa, m'chipinda munali zii.

Kenako a Eneya anagwada, n'kumugoneka Thomson cham'mbali kuti asatsamwe ndi magazi, n'kumugwira mutu mpaka ambulansi inafika. Apolisi anawapeza ali chogwada chomwecho.

Diso la Thomson linapulumuka, koma tsaya analimanga ndi zitsulo. Atatuluka m'chipatala jezi yake inakwera. A Eneya khoti silinawatsekere, koma munthu wa mlandu wotere salowanso ntchito ya keya. Kalabu inawaletsa kupondanso pamasitepe aja moyo wawo wonse. Masiku ano amanyamula makatoni kumalo ena osungira katundu, ndi dzanja lamanzere.

Keith anakumana nawo pamalo okwerera basi, mkono wake ukadali m'chikhakha. Onse ankayang'ana mvula.

"Zangaphee wandifotokozera," anatero Keith. "Mavoti anali ako, Eneya. Ndinaona nkhope za anthu. Ukanangoti eya."

"Ndi pakamwa pangapa? Anthu akumva?"

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji?"

"Munandifunsa kamodzi kokha, a Keith."

Basi inafika. Keith anaponda pasitepe n'kucheuka.

"Ukukwera?"

"Ayi, pitani."

Keith anaima pakhomopo, akuwayang'anitsitsa. Anatsegula pakamwa kuti afunsenso, koma dalaivala anali atatseka kale chitseko.